Mboni ya Akufa Imakhala Kutali ndi Golomoti

Munthu akagwa mwadzidzidzi ku Golomoti, mafunso awiri amafika pa siwa nthawi imodzi: wafa ndi chiyani, ndipo wamupha ndani. Funso lachiwirili ndi la liwiro, chifukwa aliyense amene akukumbukira mkangano wa malire a munda kapena ngongole ya thonje angathe kuliyankha usiku womwewo, moto wa pa maliro usanazime. Loyambalo limachedwa. Limafuna mpeni, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, labotale, komanso munthu amene anatha zaka zambiri akuphunzira kuwerenga thupi lomwe lasiya kupuma. M'dziko muno, bungwe limene lasenza funso loyambali nthawi yaitali kuposa ena onse ndi nthambi ya pathology ya ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Mbiri ya nthambiyi ikuonetsa chinthu chimene sitikonda kuvomereza: siinakhazikitsidwe kuti izitumikira makhoti. Inatola katunduyu poti panalibe wina womutola, inamusenza molimba mtima, ndipo dziko, poona kulimba mtima kwa madokotala owerengekawo, linadzinamiza kuti lili ndi dongosolo lofufuzira imfa. Kuwawa kwa bodzali sikumveka kwenikweni ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kumamveka m'madera onga chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, kuchokera ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka.

Chigwachi chinali ndi njira yakeyake yofufuzira imfa kalekale azungu asanabwere. Ansembe a White Fathers atafika pa Mua mu 1902, anapeza Achewa ndi Angoni a Kachindamoto ali ndi woweruza wamkulu wa milandu ya ufiti ndi imfa zosadziwika bwino, ndipo woweruzayo anali mwavi. Mapondera ankasinja khungwa la mtengo wa mwavi n'kulisakaniza ndi madzi, woganiziridwayo n'kumwa pamaso pa khamu. Wosanza ankamuyesa wosalakwa. Wogwa n'kutsirizika ankamuyesa mfiti. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Lero tikudziwa kuti m'khungwalo muli chiphe chimene chimasokoneza kagundidwe ka mtima, ndiponso kuti kusanza kapena kusasanza kunkadalira kuchuluka kwa khungwa, mphamvu za womwayo ndi dzanja la wosinja. Koma tisafulumire kuwaseka makolo. Mwavi unkapezeka pafupi, unkayankha tsiku lomwelo, ndipo anthu onse ankaona ndi maso awo mmene yankho labwerera, zinthu zimene njira zathu zamakono sizinakwanitsebe kumudzi. Kuipa kwake kunali kwakuti unkafunsa amoyo okhaokha, n'kuwonjezera maliro pa maliro, pamene wakufayo, amene thupi lake linali ndi umboni weniweni, sankafunsidwa kanthu.

Boma la atsamunda linaletsa mwavi ndi lamulo la za ufiti la 1911, limene linaletsanso kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. M'malo mwake linabweretsa njira ya kwawo ku England: imfa yokayikitsa ikanenedwe ku polisi, majisitireti akhale pansi kufufuza, dokotala wa boma apime thupi n'kulemba lipoti. Pa pepala njirayi inalibe vuto, ndipo ndi yomwe tikutsatabe. Koma madokotala a boma mu Nyasaland anali owerengeka ndi zala, ambiri a iwo ali ku Zomba, ku Blantyre ndi pa maboma akuluakulu. Chipatala cha mishoni pa Mua chinali ndi ntchito yake yokwanira pa amoyo: akhate, amayi oyembekezera, ana a malungo. Choncho lamulo linalanda anthu yankho limene anali nalo osawapatsa lina lofika pakhomo. N'chifukwa chake sizodabwitsa kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 mchape unafalikira ngati moto wa m'tchire, kuchokera ku chigawo cha kumwera mpaka kudutsa malire a dziko, midzi yathunthu ikumwa mankhwala ochotsa ufiti. Funso la pa siwa linali likadalipo, ndipo anthu anapita kwa amene analonjeza kuliyankha.

Ufulu wodzilamulira sunawonjezere njala ya umboni wa kuchipatala. Mu 1969, pamene kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe kunkagwedeza mzinda wa Blantyre, boma la Dr Kamuzu Banda linapatsa makhoti a mafumu mphamvu zoweruza milandu ya kupha ndi kugamula chilango cha imfa. M'makhoti amenewa woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo malamulo a kaperekedwe ka umboni sankatsatidwa mokhwima ngati ku khoti lalikulu. Bwalo limene silifunsa mafunso ovuta silifuna katswiri, ndipo boma limene mabwalo ake safuna katswiri silimuphunzitsa. Zaka zimenezo ngakhale tizidutswa ta mnofu tofuna kupima khansa tinkatumizidwa ku St Thomas's Hospital ku London, kumene Professor Michael Hutt ndi anzake ankatiyang'ana n'kubweza yankho pa kalata. Chipatso cha zonsezi chinaoneka mu Meyi 1983, pamene matupi a nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka m'galimoto pa msewu wa ku Thambani ku Mwanza. Boma linati ndi ngozi, ndipo mawu amenewo anaima okha kwa zaka 11. Komishoni ya Justice Mtegha, imene inakhazikitsidwa mu 1994, inapeza kuti anthuwa anachita kuphedwa ndi apolisi. Koma mlandu utapita ku khoti, Dr Banda ndi John Tembo anamasulidwa mu Disembala 1995. Choonadi chofika patatha zaka khumi chimadalira kukumbukira kwa anthu, ndipo loya wodziwa ntchito yake sachedwa kukugwedeza kukumbukirako.

College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 ngati nthambi ya University of Malawi, ndipo chipatala chake chophunzitsira chinali Queen Elizabeth Central Hospital. Cholinga chinali chomveka: dziko lizisula madokotala ake m'malo mowatumiza onse kunja, kumene ambiri sankabwerako. Ophunzira oyambirira anayambira maphunziro awo kunja n'kudzamalizira ku Blantyre, ndipo pang'onopang'ono maphunziro onse anayamba kuchitikira konkuno. Sukulu ya udokotala singayende popanda pathology, chifukwa ndi kumene wophunzira amaona chimene matenda amachita m'chiwindi, m'mapapo ndi m'bongo. Nthambiyi inamangidwa pa mapewa a Professor George Liomba, mmodzi mwa Amalawi oyamba kukhala katswiri wa ntchitoyi, amenenso anayambitsa kaundula wa matenda a khansa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980. Pambuyo pake kunabwera ena, monga Dr Charles Dzamalala ndi Professor Steve Kamiza. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali kuphunzitsa ndi kupima zotupa za odwala amene akudikira ku wodi kuti adziwe ngati ndi khansa. Koma zinangochitika kuti sukuluyi inabadwa nthawi imodzi ndi ndale za zipani zambiri. Makhoti a mafumu analandidwa milandu ya kupha, malamulo oyendetsera dziko a 1994 anapatsa woimbidwa mlandu ufulu wokhala ndi loya ndi kutsutsa umboni, ndipo mwadzidzidzi makhoti, maloya ndi mabanja anayamba kufuna munthu wonena molemba chimene chapha munthu. Khomo limene anakagogoda linali la aphunzitsi a pathology, poti lina kunalibe.

Umboni wamphamvu wakuti kupima thupi n'kofunika unachokera ku Queen Elizabeth komweko, ndipo sunali wa mlandu uliwonse. Kuyambira mu 1996, Professor Terrie Taylor, Professor Malcolm Molyneux ndi anzawo, mogwirizana ndi akatswiri a pathology, anayamba kupempha makolo chilolezo chopima matupi a ana amene anamwalira atakomoka ndi malungo aakulu. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2004 zinadzidzimutsa madokotala pa dziko lonse. Mwa ana 31 amene madokotala anatsimikiza kuti afa ndi malungo a m'bongo, ana 7 anali atafa ndi matenda ena; tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi mwawo, koma sindito tinawapha. Awa anali ana amene anasamalidwa mu wodi ya kafukufuku, akuonedwa usana ndi usiku ndi anthu odziwa malungo kuposa wina aliyense. Ngati akatswiri otere, atamuona mwana ali moyo, ankaphonya pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse, tiyembekezere chiyani kwa clinical officer wa pa chipatala chaching'ono amene wapatsidwa mtembo wogona kale tsiku lathunthu, wapolisi ataima pambali ndi fomu, abale akudikira panja ndi bokosi?

Dzina la nthambiyi linamveka m'nyumba iliyonse mu Sepitembala 2011. Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene ankadzudzula boma, anapezeka atafa pa sukulupo pa 24 mwezi umenewo. Apolisi analengeza msanga kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba, ndipo anatchula makalata amene ankati anasiya. Dr Dzamalala atapima thupi ananena zina: mabala a m'mutu anali a munthu womenyedwa ndi chinthu, osati wogwa kuchokera patali. Kusiyana kwa ziwirizi si nkhani ya maganizo a munthu. Wogwa kuchokera pamwamba amathyoka mwa mtundu wake, mphamvu ya kugwa imayenda m'mafupa n'kusiya njira yake, ndipo thupi lopanda zizindikiro zimenezo likutsutsa nkhaniyo palokha. Komishoni imene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa, motsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, inanena mu Okutobala 2012 kuti Chasowa anaphedwa. Kusiyana kwa Mwanza ndi Polytechnic n'koonekeratu: mu 1983 mawu a boma anakhala zaka 11 popanda wowatsutsa, mu 2011 sanathe ngakhale mwezi. Komabe mlanduwo unakakamira m'makhoti zaka zambirimbiri, zimene zikutikumbutsa kuti lipoti la dokotala limangotsegula khomo la mlandu, ena ndiwo ayenera kulowa.

Nkhani ya Buleya Lule ndi yapafupi ndi kwathu kuno, poti inayambira m'boma la Dedza lomweli. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 anabedwa m'boma lino, ndipo Lule, mmodzi mwa oganiziridwa, anafera m'chitokosi cha apolisi ku Lilongwe asanamalize kunena zimene ankadziwa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapempha Dr Dzamalala kuti apime thupi, ndipo iye anapeza kuti munthuyo anazunzidwa n'kuphedwa ndi mphamvu ya magetsi. Apolisi angapo anamangidwa mu 2020, ndipo mu Disembala 2024 khoti lalikulu linapeza apolisi 6 olakwa pa imfayo. Ndi chigonjetso cha umboni wa kuchipatala, ndipo tisachichepetse. Koma tione bwino chimene chinachititsa kuti katswiri afike pa thupilo. Nkhaniyi inali pa wailesi ndi m'nyuzipepala, mabungwe anali maso, mayiko akunja ankafunsa za kuphedwa kwa anthu achialubino, ndipo bungwe lokhazikitsidwa ndi malamulo a dziko linaimirira. Pa milandu iwiri yonseyi, katswiri anabwera chifukwa panali anthu a mawu amene anamuitana. Mlimi wa thonje wofera m'dimba kufupi ndi Golomoti alibe komishoni yomuitanira dokotala.

Zimene zimachitika kumudzi aliyense wazimvapo pa wailesi. Mneneri wa apolisi amati: thupi linatengeredwa ku chipatala chakutichakuti, ndipo zotsatira zasonyeza kuti malemuwo afa chifukwa chobanika, kapena chifukwa chotaya magazi ambiri. Mawu amenewa nthawi zambiri amachokera pa kuyang'ana thupi kunja kokha, ndipo amanena mmene moyo unathera osanena chimene chinayambitsa. Wodzimangirira amabanika, wopotoledwa khosi n'kupachikidwa pambuyo pake amabanikanso, womira m'nyanja chimodzimodzi. Clinical officer amene walemba zimenezo sanalakwe. Wachita zimene anaphunzitsidwa ndi zida zimene ali nazo, mzere wa odwala ukumudikira. Kuti thupi lochokera ku Golomoti lifike kumene kuli katswiri, liyenera kukwera chitunda cha Khwekhwelere kupita ku Dedza n'kupitirira ku Lilongwe, kapena kutsika msewu wa Balaka mpaka ku Blantyre. Pamafunika galimoto, mafuta ndi nyumba ya chisoni yozizira, ndipo funso la amene alipire limatha kutenga nthawi yaitali kuposa imene thupi lingadikire. Kutentha kwa m'chigwa mwezi wa Okutobala sikupereka masiku. Mabala amasintha maonekedwe, mimba imatupa, ndipo zizindikiro zimene zikanayankha funso zimafafanizika adzukulu asanamalize kukumba. Labotale ya pathology imene inatsegulidwa ku Kamuzu Central Hospital mu 2011, mothandizana ndi UNC Project, inafupikitsa mtunda kwa anthu a chigawo chapakati, ndipo Professor Liomba ndi Dr Tamiwe Tomoka anaigwirira ntchito yaikulu. Koma nayonso inabwera makamaka chifukwa cha khansa ya amoyo.

Pofooka kwambiri ndi pa nkhani ya chiphe. Ku Ulaya, sayansi yofufuza poizoni inalowa m'khoti kalekale: James Marsh anapeza njira yozindikirira arsenic mu 1836, ndipo mu 1840 Mathieu Orfila anaigwiritsa ntchito pa mlandu wotchuka wa Marie Lafarge ku France. Kwathu kuno dokotala wopima thupi angakayikire poizoni, koma kutsimikiza kumafuna labotale ina, ndipo kwa zaka zambiri zinthu zotengedwa m'mimba mwa munthu zakhala zikupita ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, malo amene anamangidwira matenda a ziweto, monga momwe chamba chogwidwa ndi apolisi chimapitira ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze kapena ku Bvumbwe. Ogwira ntchito kumeneko amathandiza ndi mtima wonse, koma iyi ndi ntchito yobwereka. Chonsecho chiphe chili m'nyumba iliyonse ya m'chigwa. Muli mankhwala opopera thonje, muli mankhwala osungira chimanga, mulinso tameki amene amagulitsidwa m'timapepala pa msika ngati mankhwala a makoswe. Tameki, amene dzina lake la sayansi ndi aldicarb, amatseka chinthu china m'thupi chimene chimaletsa mitsempha kugwira ntchito mopyola muyeso. Munthu amatuluka thovu kukamwa, thukuta, amasanza, amatsegula m'mimba, timaso takuda timachepa ngati kansonga ka singano, ndipo mapapo amadzaza madzi. Wofika msanga ku chipatala amapulumuka ndi jakisoni wa atropine. Wofera panjira amasiya funso, chifukwa zizindikirozi zimafanana ndi za mankhwala ena ambiri a m'munda, ndipo mankhwala a mtundu umenewu sakhalitsa m'thupi lomwe layamba kuwonongeka. Magazi ndi za m'mimba zikapanda kutengedwa msanga, kutsekedwa bwino ndi kusungidwa pozizira, labotale yabwino chotani singapeze kanthu.

Chimene labotale ingachite pa mtendere wa mudzi chinaoneka kwa abale athu a ku Tete. Mu Januwale 2015, ku Chitima ku Mozambique, anthu oposa 200 anadwala ndipo 75 anafa atamwa mowa wa masese pa maliro. Mphekesera inayankha tsiku lomwelo: wina wathira ndulu ya ng'ona. Ndi nkhani imene aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi anaimvapo, ngakhale kuti Professor Norman Nyazema wa ku Zimbabwe anayesa ndulu ya ng'ona m'zaka za m'ma 1980 n'kupeza kuti ilibe chiphe chimene anthu amainenera. Mowa ndi ufa wa ku Chitima zinatumizidwa kunja, ndipo mu Novembala chaka chomwecho yankho linatuluka: ufa wa chimanga umene anafululira mowawo unali utanyowa n'kuwonongeka, ndipo munamera kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli kamene kamatulutsa chiphe cha bongkrekic acid. Panalibe wothira. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi mwa omwalira. Tiyerekeze ndi zimene zinachitika ku Neno mu Januwale 2016, pamene agogo anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Palibe amene anganene motsimikiza kuti pepala la dokotala likanawapulumutsa, poti mkwiyo wa khamu suwerenga lipoti. Koma mudzi umene unazolowera kuti imfa iliyonse yodabwitsa imalandira yankho lochokera m'thupi umakhala ndi chifukwa chodikira, ndipo kudikira kwa masiku awiri kokha kumapulumutsa nkhalamba.

Pali otsutsa ganizo lofikitsa kupima matupi kumudzi. Woyamba amanena za ndalama, ndipo mawu ake ndi olemera. Chipatala chimene chikusowa mankhwala a malungo ndi mafuta a ambulansi chingawononge bwanji chuma pa munthu amene wapita kale? Funsoli likanakhala lomaliza chikhala kuti kupima thupi kumathandiza wakufa yekha. Koma opindula ndi amoyo. Banja lina likadya bowa wolakwika nthawi ya dzinja, kapena chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira nthawi ya njala, kudziwa msanga chimene chapha woyamba ndiko kumapulumutsa wachiwiri ndi wachitatu. Munthu womangidwa pa mlandu wa kupha amene unalibe wakupha amakhala pa limandi zaka, akudya ndalama za boma, ana ake atasiya sukulu. Ndipo zimene zikufunika m'chigwa si labotale ya mamiliyoni pa Golomoti. Ndi mabotolo oyera okhala ndi chidindo, firiji yosungira zotengedwa m'thupi, kamera, fomu yolembedwa bwino, ndi clinical officer mmodzi kapena awiri pa Mua ndi pa Dedza amene aphunzitsidwa mwapadera ndipo angathe kuimbira foni katswiri thupi lili patsogolo pawo. Magetsi sangakhalenso chowiringula m'dera limene kuyambira mu 2022 lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire ake, amene amadyetsa dziko lonse.

Wachiwiri amanena za mwambo: thupi la munthu siling'ambidwa, maliro sachedwetsedwa, ndipo kwa abale athu achisilamu a m'mbali mwa nyanja kuika tsiku lomwelo ndi lamulo la chipembedzo. Palinso mantha akuti ziwalo zichotsedwa, mantha amene m'dziko lomwe manda a anthu achialubino akhala akufukulidwa sitinganene kuti ndi opanda pake. N'chifukwa chake nyumba ya malamulo inakhwimitsa lamulo la Anatomy Act mu 2016. Koma kafukufuku wa malungo uja anasonyeza kuti makolo achimalawi, pa tsiku lowawitsa m'moyo wawo, amatha kuvomera ngati wowapemphayo walankhula nawo mwaulemu m'chinenero chawo, wawauza chimene chichitike, sanachedwetse maliro, ndipo wabwerera kudzawauza zimene wapeza. Chomaliza ichi ndicho chimasowa kawirikawiri. Banja limene linalola kuti m'bale wawo apimidwe koma silinamve kanthu mpaka lero ndilo limauza mudzi wonse kuti asadzalole. Anthu amakana kuchedwa ndi chinsinsi kuposa mmene amakanira mpeni, ndipo zonse ziwirizi zimachokera ku mtunda wa pakati pa mudzi ndi katswiri. M'dera la Inkosi Kachindamoto, kumene malemu Theresa Kachindamoto anaonetsa kuti ufumu ungathe kusintha zimene anthu ankati sizisinthika pothetsa maukwati a ana, n'kovuta kukhulupirira kuti mafumu ndi adzukulu sangakhale mbali ya dongosolo lodziwitsa apolisi ndi chipatala thupi lisanasambitsidwe.

Wotsutsa wachitatu ndiye wovuta koposa, chifukwa amafunsa ngati katswiriyo sangalakwe. Angalakwe ndithu. Mu 2020 ku Lilongwe, imfa ya mtsikana wina, imene poyamba inamveka ngati ya kulumidwa ndi njoka, inasanduka mlandu wa kupha lipoti la kupima thupi litatchula tameki. Anthu anamangidwa, dziko lonse linaweruza pa Facebook, koma khoti lalikulu linawamasula litaona kuti umboni wa boma sunali wokwanira. Labotale imanena chimene yapeza m'botolo; sinena amene anachiika m'thupi, ndipo ngati ulendo wa botololo kuchokera pa thupi kufika pa makina sunalembedwe dzanja ndi dzanja, loya ali ndi ufulu wonse wofunsa ngati ndi botolo lomwelo. Dziko lokhala ndi akatswiri owerengeka lili pa ngozi ina: mawu a munthu mmodzi amasanduka chigamulo poti palibe mnzake womuunika, ndipo woimbidwa mlandu wosauka sangapeze katswiri wachiwiri. Pamenepo lipoti limayamba kufanana ndi chikho cha mapondera, chimene anthu ankachikhulupirira chifukwa choopa kuchifunsa. Koma yankho la vutoli ndi kuchulukitsa akatswiri, kusunga zithunzi ndi tizidutswa ta mnofu kuti wina adzathe kuonanso, ndi kuika malamulo a kasungidwe ka umboni. Kulakwa kwa dokotala kumasiya mapepala amene khoti lingawafunse, ndipo mlandu wa 2020 womwewo ndi umboni wakuti makhoti athu amafunsadi.

Anansi athu anafika pa mphambano yomweyi ndipo anasankha. South Africa, imene imakumbukira mmene madokotala a boma anagonjera apolisi pa imfa ya Steve Biko mu 1977, inachotsa nyumba za chisoni zofufuzira milandu m'manja mwa apolisi n'kuzipereka ku unduna wa zaumoyo mu 2006. Zambia inakhazikitsa lamulo la National Forensic Act mu 2020, limene linaika m'malamulo ofesi ya dokotala wamkulu wa boma wopima matupi pa milandu. Kwathu kuno College of Medicine inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala yunivesite payokha mu 2021, ndipo ntchito imene nthambi ya pathology ingagwire bwino kuposa wina aliyense ndi yomwe inabadwira: kuphunzitsa. Ingathe kusula akatswiri a milandu, kukonza maphunziro afupiafupi a ma clinical officer a m'maboma, ndi kuunika malipoti awo. Koma kuyankha imfa iliyonse yokayikitsa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa ndi udindo wa ofesi ya boma yokhala ndi lamulo lake, bajeti yake ndi labotale yake ya poizoni, yosalamulidwa ndi apolisi, poti milandu ya Chasowa ndi Lule inaonetsa kuti nthawi zina apolisiwo ndiwo ofunsidwa. Apolisi ali ndi gawo lawo loyambirira, ndipo malo oliphunzirira ali m'chigwa momwemu: pa sukulu ya apolisi ya ku Mtakataka, wapolisi watsopano angaphunzire kuti botolo lopezeka pambali pa thupi silitoledwa ndi dzanja lamanja, kuti masanzi sakwiriridwa ndi dothi asanatengeko pang'ono, kuti chingwe chimadulidwa kutali ndi mfundo yake, ndi kuti chotsala cha chakudya kapena mowa chimatsekedwa, kulembedwa dzina ndi nthawi, n'kufika pozizira tsiku lomwelo.